Yabodza Yakale Ndimasunga, Yatsopano Ndimabweza

Masiku ano aliyense amene ali ndi tupa ndi kanyundo akudzitcha wosula mphete. Amadula kapaipi ka mkuwa, kukaviika m'mankhwala, kakawala basi ati ndi siliva. Sabata isanathe chala chabiriwira, ndiye mwini chala amabwera kudzandidandaulira kuno ku Zingwangwa ngati ndinamugulitsa ndine. Ndikamutchulira mtengo wa mphete yanga, amati ndikudulitsa. Ine mphete ndimasula ndi ndalama zakale za siliva, ndipo ndalamazo sindimatola pansi, ndimachita kugula. Za kuboola, kuwotcha, kupinda ndi kupukuta sindinenapo, zimenezo ndi mwana yemwe angaphunzire. Ntchito ili pa kudziwa chimene wagwira usanachiike pamoto.

Choyamba ndimayang'ana chaka. Ndalama za Southern Rhodesia, zomwe zinkayendanso kuno ku Nyasaland, zinayamba mu 1932 zili ndi siliva wabwino. Nkhondo itavuta, mu 1944 silivayo anamuchepetsa kufika theka, ndipo kuyambira 1947 anamuchotseratu. Za ku Mangalande zinatsika kufika theka mu 1920, n'kutheranso mu 1947 momwemo. Ndiye za nthawi ya chitaganya zoyamba mu 1955, sheleni ya mphalapala ija ndi masheleni awiri a nkhwazi, mulibemo siliva. Za Kamuzu za 1964, sikisi wa tambala ndi sheleni ya chimanga, chimodzimodzi. Koma kauzeni zimenezo bambo amene wanyamuka ku Bangwe ndi kobiri loboola la njovu ziwiri atalikulunga m'kansalu, poti wina anamuuza kuti azungu akugula mamiliyoni. Amandiyang'ana ngati ndikufuna kumubera. Makobiri amenewo anapangidwa ochuluka zedi, ndi amkuwa, ndipo agogo ambiri akadali nawo m'zitini za mabatani.

Zonsezi anandiphunzitsa ndi malume anga. Anali mtchona, anakhala zaka zambiri ku Bulawayo akugwira ntchito kwa munthu wokonza mawotchi ndi mphete, ndipo anabwerako ndi kasikelo, kagalasi koonera pafupi, ndi ukali. Sankalola kuti ndikhudze nyundo ndisanadziwe kumva. Ankandikhazika pakhonde nditafulatira, iwo n'kumagwetsa ndalama pasimenti imodziimodzi. "Mphwanga, imeneyo yati chiyani?" Siliva amalira nthawi yaitali, mawu ake oonda. Za pambuyo pa 1947 zimalira mwachidule. Ya mtovu imangoti phi, basi yatha. Ukayankha msanga ankakwiya kuti walota, ukachedwa ankati makutu unasiya kumudzi. Amayi ankadandaula kuti mwana akungomvera makobiri anzake akupita kusukulu ya umakaniko, koma malume sankayankha, amangopitiriza kugwetsa. Chakudya chikafika sankadya mpaka ntchito ya pamoto itatha, ndipo amene ali nawo pafupi nayenso sankadya. Mpaka lero sindigula ndalama pamalo a phokoso. Ndimatuluka nayo kuseri kwa msika.

Malumewo anali ndi kachitini kena komwe sankasungamo siliva ayi, koma ndalama zabodza zokhazokha, ndipo ankakasamala kuposa zenizeni. M'menemo ndi momwe ndinadziwira kuti zabodza zili mitundu iwiri.

Yabodza yakale inapangidwa kuti ikagule mchere ndi nsalu. Wopanga wake ankatengera ndalama wamba yomwe aliyense ankagwira, half crown kapena masheleni awiri a mfumu George, chifukwa ndalama yachilendo mwini sitolo akanaiyang'anitsitsa. Ankathira mtovu wosakaniza ndi chitsulo china chofewa m'chikombole, n'kupaka kunja kuti iwale, n'kukaigulira madzulo kuwala kutachepa. Half crown yeniyeni imalemera magalamu 14 ndi pang'ono. Yabodzayo siifika bwino pamenepo, ukaikanda papepala imasiya mzere wotuwa, ukailuma dzino limalowa. Koma inayenda. Inadutsa m'manja mwa anthu, tsaya la mfumu linaperepeseka monga zimaperepesekera zenizeni, ndipo zambiri zili ndi bala la mpeni kapena bowo la msomali pomwe wina anaitulukira n'kuipha kuti isapusitsenso munthu. Imeneyo ndikaipeza ndimagula, ngakhale mphete singatulukemo, chifukwa inaona nthawi ya atsamunda ndi maso ake.

Yatsopano siifuna kugula kanthu. Imafuna munthu wolota chuma. N'chifukwa chake satengera sheleni wamba, amatengera zomwe anthu akuzisakasaka: rupiya la Mjeremani la ku Tanganyika, lokhala ndi mutu wa Wilhelm II atavala chisoti cha chiwombankhanga, kapena ndalama yagolide ya njovu yomwe inasulidwa ku Tabora mu 1916 nkhondo ili mkati. Rupiya lenileni ndi siliva wabwino wolemera magalamu 11.66. Marupiya amene akubwera nawo anyamata a m'tauni, ena amakakamira ku maginito, ndiye nkhani yathera pomwepo. Koma musakhulupirire maginito okha, chifukwa mkuwa wopakidwa nawonso sukakamira.

Apa m'pamene kagalasi ka malume kamagwira ntchito. Ndimayamba ndi m'mphepete. Yothira m'chikombole imakhala ndi kamsoko kozungulira pomwe mbali ziwiri zinakumana, kapena zipsera za tupa pomwe anafuna kukabisa. Pankhope pamakhala timaenje ndi timatuza ta mpweya, zilembo zake zonenepa, zopanda msonga. Kenako ndimaona kutha kwake. Ndalama yoyenda imatha pamalo okwera okha, pa tsaya, pa tsitsi, pa khutu, pomwe m'makona a zilembo mumakhala mwakuthwa ndi litsiro louma la zaka. Yokalambitsa dala imatha paliponse mofanana chifukwa anaikwecha ndi sandipepa, ndipo kuda kwake kumachoka ndi chala chonyowa. Wina akabwera ndi awiri ndimasangalala, ndimawaika pamodzi. Mukaona kabala komweko pamalo omwewo pa marupiya onse awiri, dziwani kuti anabadwa m'chikombole chimodzi. Ndalama ziwiri sizingagwe mofanana.

Bambo mfumu wina wachizungu yemwe ankabweretsa wotchi kwa malume anatiuza kuti nkhaniyi ndi yakalekale. Dinari ya Aroma, mtundu wa ndalama yomwe anamuonetsa Yesu pa nkhani ya msonkho wa Kaisara, nayonso ankaibera: mkati mkuwa, kunja kachikopa ka siliva, ndipo osintha ndalama ankaidinda ndi kachitsulo kuti aone zamkati. Zoterozo lero osonkhanitsa ndalama zakale amazigula akudziwa kuti n'zabodza, chifukwa n'za nthawi yomweyo. Koma zomwe wina wathira chaka chatha kuti agulitse kwa alendo, amazitaya. Malume anangogwedeza mutu, n'kumutsegulira kachitini kawo.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti ndikatha kuyeza, kumvera ndi kuyang'ana, munthu amatenga ndalama yake n'kunena kuti zikomo, ati poti sindinasule kanthu. Maso amenewa ndinawalipira ndi njala ya pakhonde paja, ndiye kuona nakonso ndimalipiritsa. Ndipo inu amene mwapeza ndalama m'sutikesi ya agogo anu omwe anapita ku Joni pa Wenela, chonde musaikweche ndi phulusa kapena mandimu kuti iwale. Mukatero mwafufuta zomwe ndikanaonera, ndipo mtengo wake mwautsitsa nokha. Bweretsani ili yakuda choncho.