Zida Zitatu za Mnyamata wa ku Ntcheu

Lachisanu lina madzulo m'mwezi wa Meyi 2025, anthu asanu adakhala mozungulira tebulo m'chipinda china chapamwamba ku Braamfontein, mumzinda wa Johannesburg. Patebulopo padali mapepala, mapensulo, buku lalikulu ndi madayisi a mbali 4, 6, 8, 10, 12 ndi 20. Anayi mwa iwo adali atalizolowera kale sewero la Dungeons & Dragons. Wachisanu, mnyamata wa ku Ntcheu amene adapita kumeneko kukachita maphunziro a ukachenjede, adali mlendo. Anzake adamaliza kulemba mapepala awo, nathira tiyi mpaka kumwa, iye ali chiyang'anire tsamba limodzi la bukulo, tsamba la zida.

Seweroli ndi nthano yopekera pamodzi. Mmodzi amakhala mwini nthano, ndipo ndiye amafotokoza dziko, njira, mapanga ndi zilombo zake. Enawo sakhalira kungovomera kuti "tili tonse" monga zimakhalira pamoto kumudzi. Aliyense amakhala ndi mtengambali wakewake, namuyankhulira ndi kumusankhira zochita, ndipo madayisi ndiwo amagamula ngati zochitazo zatheka. Gary Gygax ndi Dave Arneson adalitulutsa seweroli ku America m'chaka cha 1974. Pachiyambipo zida zonse zidali zofanana mphamvu: kaya mpeni, kaya nkhwangwa, wosewera ankaponya dayisi ya mbali 6 kuti adziwe kukula kwa bala. Buku lowonjezera lotchedwa Greyhawk, la mu 1975, ndilo lidapatsa chida chilichonse mphamvu yakeyake, ndipo kuyambira pamenepo kusankha chida kudasanduka nkhani ya masamu.

Mu 1985, buku la Unearthed Arcana lidalola wankhondo kudzipereka ku chida chimodzi. Wotero ankawonjezera pointi 1 pa mwayi wolasa ndi mapointi 2 pa kukula kwa bala, koma ankalipira posiya kuphunzira zida zina. Mapanga awiri avumbwitsa. Malamulo a mu 2024, omwe anthu asanu aja ankatsatira, adafewetsako zinthu. Wankhondo wongoyamba kumene amasankha zida zitatu zoti akhale nazo katswiri, ndipo mtengambali akagona usiku wonse amaloledwa kusintha chimodzi mwa izo. Mnyamata uja adasankha kukhala wankhondo, choncho papepala lake padali mizere itatu yodikira mayina.

Mnzake wina, wophunzira za uinjiniya, adafuna kumuthandiza. Adamulangiza kutenga lupanga lalitali, ndipo adamuwerengera bwinobwino. Lupangalo, likagwiridwa dzanja limodzi, limaponyetsa dayisi ya mbali 8, pomwe mkondo umaponyetsa ya mbali 6. Ukaponya kambirimbiri, ya mbali 8 imapereka 4.5 pa kuponya kulikonse, ya mbali 6 imapereka 3.5. Luso lapadera la zida ziwirizi ndi limodzimodzi: mdani amene walasidwa amafooka dzanja, kotero kuti akafuna kubwezera amaponya madayisi awiri n'kutenga nambala yochepa. Tsono munthu angataye bwanji pointi yathunthu nthawi iliyonse imene walasa, popanda cholandira? Ubwino wa mkondo ndi woti umaponyeka, komanso ndi wotchipa: ndalama imodzi ya golide, pomwe lupanga ndi 15.

Masamuwo adali oona, ndipo mnyamatayo sadawatsutse. Chidamugwira maso ndi mawu awiri a pamwamba pa ndandanda. Bukulo lidagawa zida m'magulu awiri. Gulu loyamba lidatchedwa simple, kutanthauza zida wamba, zimene ngakhale mlimi angathe kutola n'kumenyera. Lachiwiri lidatchedwa martial, zida za anthu ophunzitsidwa nkhondo. Lupanga lidali m'gulu lachiwiri, pamodzi ndi halberd ndi glaive, mayina ochokera m'nyumba zosungira zida za ku Ulaya. Mkondo, nthungo yoponya ndi chibonga zidali m'gulu loyamba, pafupi ndi zenga ndi ndodo.

Kugawa koteroku sikudachokere pa chipongwe. Seweroli lidabadwa kuchokera ku masewero a nkhondo za ku Ulaya wakale, monga Chainmail la mu 1971, ndipo kumeneko lupanga lidali chizindikiro cha anthu apamwamba pomwe mkondo udali wa khamu loyenda pansi. Komabe mawu akasamuka amanyamula dziko lawo kumsana. M'Chichewa, mkondo ndi nkhondo amamveka ngati ana a mimba imodzi. Kwa Angoni a kwa Maseko, amene adachokera kumwera m'zaka za m'ma 1800 nadzakhazikika m'mapiri a Ntcheu ndi Dedza, mkondo waufupi ndi chishango cha chikopa cha ng'ombe zidali maphunziro a moyo wonse wa mwamuna.

Mnyamatayo adauonapo mkondo wotero. Udali wa agogo ake aamuna, ndipo unkakhala chisomekere kudenga, pamwamba pa khomo. Udali wofupika chogwirira, wotakata mpeni wake, wakuda ndi mwaye. Agogowo ankati adaulandira kwa atate awo, amene adali mwana pamene atsamunda a ku Britain adapha Inkosi Gomani Chikuse mu 1896. Chiyambire nthawiyo mkondowo udali wovinira ngoma basi. Pakakhala mwambo, nkhalambayo inkautsitsa, kuupukuta ndi kansanza, n'kuuza mdzukulu wakeyo kuti, "Iwe, gwira chishango chokha. Uwu udzaugwira ukadzamera ndevu."

Ndevuzo zidamera mkondo utapita. M'njala ya 2002, mwezi wa Febuluwale, nkhokwe zili gwa, padafika munthu wogula zinthu zakale zokagulitsa kwa alendo odzaona dziko. Agogowo adalowa m'nyumba okha, natuluka ndi mkondo wokulungidwa m'chiguduli. Madzulo ake pakhomopo padalira mtondo koyamba m'masabata angapo. Mwanayo, wa zaka 8 panthawiyo, adadya nsima imeneyo n'kukhuta. Agogo sadavinenso ngoma mpaka kumwalira kwawo, ndipo palibe adaitchulanso nkhaniyo.

Zonsezi sadaziulule patebulo paja. Adangoti akufuna mkondo. Mwini nthano, mtsikana wa ku Durban wodziwa kusunga alendo, adapeza njira yachifundo. Adati malamulo ndi antchito a nthano, choncho mnyamatayo alembe mkondo papepala koma aziponya dayisi ya lupanga. Ambiri amatero, ndipo palibe amaluza.

Mnyamatayo adathokoza, koma adakana. Pambuyo pake ndi pomwe adamvetsa chimene chidamukanitsa. Chida chotero chikadakhala lupanga lovala dzina la eni. Mkondo wa agogo udagulidwa kale kamodzi chifukwa cha maonekedwe ake okha, ndipo mwina lero uli pakhoma la nyumba ina, kwa anthu osadziwa kuugwira. Iye sadafune dzina lopanda chinthu chake. Ngati buku lati mkondo ndi wa mbali 6, ausenza ndi mbali zake 6 zomwezo. Pamzere woyamba adalemba mkondo, pachiwiri nthungo, pachitatu chibonga, zonse m'Chichewa, zonse za m'gulu la zida wamba. Adawonjezera chishango, chimene bukulo silichiwerenga ngati chida koma limati chimaika mapointi 2 pa chitetezo. Mtsikana wa ku Durban adasuzumira papepalapo, nawerenga mawu oyambawo mokweza, n'kumwetulira, pakuti m'Chizulu mkondo ndi umkhonto.

Mtengo wa chisankho chake udaoneka pa Lachisanu lachinayi. Gululo lidakumana ndi chilombo pamlatho wopapatiza. Mtengambali wa mnzake wa uinjiniya uja, mfiti yodziwa moto koma yofooka thupi, adali atavulala kale. Mnyamatayo adalasa, naponya dayisi yake, ndipo idagwa pa 3. Chilombocho sichidafe. Ngakhale chidali chofooka dzanja, chidakantha mfitiyo n'kuigwetsera kuphompho. Sewero litatha, mwini nthano adaulula kuti chidatsala ndi pointi imodzi yokha ya moyo.

Palibe angalumbire kuti dayisi ya mbali 8 ikadagwa bwino, pakuti nayonso imatha kugwa pa 1. Koma mnzakeyo adali atamulera mtengambali wake kwa mwezi wathunthu, adamulembera mbiri ya masamba atatu, ndipo adapinda pepalalo mwakachetechete n'kuliika m'chikwama. Sadanene kanthu za lupanga. Kusanenako ndiko kudamupweteka mnyamata wa ku Ntcheu. Adazindikira kuti m'sewero la gulu munthu sasankhira yekha chida. Chikumbutso chidali chake, koma wolipira adali wina.

Usiku umenewo adakhala ndi pepala lake ndi chofufutira m'manja. Lamulo lidali kumbali yake: mtengambali agone, m'mawa adzuke ali katswiri wa lupanga. M'malo mofufuta adaimbira foni amalume ake ku Ntcheu, nawafunsa funso limene lidakhala pakhosi zaka 23.

"Amalume, mkondo wa agogo uja adaugulitsa zingati?"

Amalumewo adayamba akhala chete. Kenaka adati, "Ndowa ziwiri za chimanga. Ndidakasenza ndine. Nanga wakumbukiranji zimenezi usiku uno?"

"Kodi adadandaula?"

"Kudandaula adadandaula. Koma adati mkondo ntchito yake ndi kuteteza ana, ndipo uwu wagwira ntchito yake. Ukagone, mphwanga."

Lachisanu lotsatira adafika msanga. Adapita kwa mnzake wa uinjiniya, napepesa, n'kumupempha kuti awerengere limodzi njira yoti wankhondo wa mkondo azitetezera bwino anzake. Adagwirizana kuti aziima kutsogolo nthawi zonse, chishango chili patsogolo pa wofooka, ndi kuti atenge luso lotchinjiriza mnzake woyandikana naye m'malo mwa luso lokulitsa bala. Pamzere wachitatu adafufuta chibonga, nalembapo lupanga lalitali, loti azisolola zinthu zikafika pothina. Chofufutiracho chidasiya banga lotuwa papepala. Mizere iwiri yoyambayo adaisiya monga idaliri, ndipo mwini nthano atafunsa amene atsogole polowa m'phanga, iye adatola dayisi ya mbali 6 n'kuiika patsogolo pake.