Maola 72 sadikira ahedi

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga, lero ndati ndilembeko za PEP.

Awa ndi ma ARV amene munthu amamwa kwa masiku 28 kuti asatenge HIV ngati wagwiriridwa, walasidwa ndi singano yomwe abayira wodwala, kapena kondomu yaphulika. Koma ayambe kumwa pasanathe maola 72, ndipo kufulumira ndiye kwabwino. Kuchipatala amayamba amuyeza magazi, poti PEP ndi ya amene alibe kachilombo.

Chimandiwawa ine ndi chizolowezi chathu m'masukulumu. Mtsikana wa ku hostel akagwiriridwa Lachisanu usiku, timati tidikire ahedi abwere, tiitane makolo, komiti ikhale pansi. Amalume nawo akafika amafuna nkhani ithere pachibale. Pofika Lolemba usiku, maola aja atha.

Amatroni kapena mphunzitsi amene ali pa duty amutengere mwanayo kuchipatala cha boma usiku womwewo. Mankhwalawa ndi aulere, ndipo komweko amaperekanso mapiritsi oteteza kuti asatenge mimba. Zakupolisi zichitike ndithu, koma zisamuchedwetse. Akayamba kudandaula nseru masiku oyambirira asaleke, muzimufunsa mwakachetechete tsiku lililonse ngati wamwa, mpaka tsiku la 28.