Ndevu za 3 koloko

Ndimameta kawiri pa tsiku. Koyamba m'mamawa ndisanakwere takisi yopita ku Fordsburg, kachiwiri cha m'ma 3 koloko masana, m'chimbudzi cha kuseri kwa shopu, ndi lezala yomwe ndimabisa m'kachikwama ka ulusi. Ndimasoka makatani pafupi ndi Oriental Plaza. Makasitomala amanditchula kuti sisi, ndipo ndimavomera, chifukwa ndinedi mkazi ngakhale ndinabadwa ndi thupi lachimuna. Koma ndikachedwa kumeta ndi ola limodzi, maso awo amatsikira pachibwano, mawu n'kusintha.

M'shopu zimathera pa maso. Zoopsa zili madzulo, podutsa Mint Road kapena pamzere wa takisi. Pali anyamata ena akwathu amene akangoona mthunzi wa ndevu amayamba kukambirana za ine m'Chichewa, poganiza kuti sindikumva. Tsiku lina mmodzi anandigwira pachibwano kuti anzake aone bwino. Sindinayankhe. Ndikanayankha akanadziwa kuti ndine wa kumudzi, ndipo nkhani ikanafika kwa amayi dzuwa lisanatuluke. Kwathu sitinaiwale zaka 14 zimene khoti linagamula Tiwonge Chimbalanga mu 2010, pulezidenti Bingu wa Mutharika asanamukhululukire.

Mahomoni andithandiza pa zambiri, koma ndevu zikamera zamera, mankhwalawo sazichotsa. Njira zake ndi ziwiri. Ya laser imawotcha muzu wa tsitsi potsata mtundu wake wakuda, n'chifukwa chake pakhungu lakuda ngati langali pamafunika makina otchedwa Nd:YAG. Ena amalephera kusiyanitsa tsitsi ndi khungu. Izi ndinaziphunzira mochedwa, nditatengeka ndi kutchipa pa saluni ina. Zipsera zake zidakalipo kunsi kwa khutu. Njira yachiwiri ndi electrolysis: kasingano kamalowa pamene pamera tsitsi, kamodzikamodzi, n'kupha muzu ndi magetsi. Imagwira ngakhale pa imvi, koma werengani ndevu za pankhope imodzi muone maola ake. Ndipo ola lililonse ndi ndalama.

South Africa ili ndi lamulo la 2003 lolola munthu kusintha pachitupa kuti ndi mwamuna kapena mkazi, koma chitupa changa ndi cha ku Malawi. Bungwe la madokotala la WPATH, m'malangizo ake a 2022, linaika kuchotsa tsitsi m'gulu la chithandizo chamankhwala. Ku America bungwe la Point of Pride lili ndi thumba lolipirira anthu electrolysis. Ndinawerenga zonsezo pafoni usiku wina mpaka data kutha, n'kupeza kuti ndi za okhala komweko. Kuno ngakhale kiliniki ya Wits RHI ku Hillbrow, imene inkathandiza anthu ngati ife, inatsekedwa kumayambiriro kwa 2025 boma la America litaimitsa thandizo. Pamene mahomoni enieniwo akusowa, ndani angamvere za ndevu?

Ndiye tinayambitsa chipereganyu, chimene kuno amati stokvel. Tilipo asanu: Amalawi awiri, wa ku Zimbabwe mmodzi, a konkuno awiri. Aliyense amasonkha R500 pa mwezi, ndipo wolandira saloledwa kugulira china. Amatumiza lisiti pa WhatsApp. Lamulo limeneli ndinalikakamira ndine, podzidziwa.

Mwezi wa Okutobala inali nthawi yanga. Ndalama zitangolowa, amayi anaimba: mitambo yayamba kusonkhana, feteleza alibe. Ndinakhala pamakina osokera ndi R2,500 m'foni, Mukuru ili pafupi. Anthu amene amati kuchotsa ndevu n'kudzikongoletsa chabe ndimawatsutsa mosavuta, koma tsiku limenelo amene ankanena zimenezo ndinali ine ndemwe. Chimanga cha banja lonse, kapena chibwano changa?

Ndinaimbira wamkulu wa gulu lathu, amene tonse timawatchula achemwali.

"Iwe, akakuvulaza pamsewu, feteleza wa chaka chamawa adzatumiza ndani?" anandifunsa. "Pita kukawotcha ndevuzo. Za amayi tiona."

Anandibwereketsa R1,000 ya m'thumba mwawo, yotsalayo ndinaipeza posoka usiku milungu iwiri. Feteleza anafika mochedwa pang'ono, ndipo amayi ndinawauza kuti bwana anachedwa kutilipira.

Ndapitako katatu tsopano. Tsaya lakumanzere layera, pachibwano pakadali mawangamawanga. Lezala ikadali m'kachikwama ka ulusi, koma Lachiwiri lapitali ndinaikumbukira 5 koloko itakwana kale, tikutseka shopu.