Khirisimasi ya kwa agogo ku Ntcheu

Minibasi yochokera ku Lilongwe itaima pa Lizulu m'mawa wa pa 24 Disembala, ndinatsika kukagula kabichi, tomato ndi mbatata ya kachewere. M'chikwama munali kale mpunga wa Kilombero makilogalamu 5 ndi botolo la Sobo. Nyengo imeneyi kumudzi sufika chimanjamanja, ana angakudabwe.

Kwathu mpunga sitidya wamba. Disembala ndi mwezi wowawa: chimanga m'munda chikadali chaching'ono, nkhokwe zapepuka, ndalama zathera feteleza. N'chifukwa chake mpunga wa nkhuku umadikira tsiku limodzi lokhali.

Agogo anali atasunga tambala wawo chikololereni. Ogula anabwera kawiri konse, iwo n'kukana ngakhale sopo anali atawathera. Nditawauza kuti ndikanangobweretsa nkhuku ya m'firiji, anaseka: "Zija zofewa ngati buledi? Iyayi mdzukulu wanga, msuzi wake sumveka."

Titaweruka kutchalitchi tinayala mphasa pansi pa mtengo wa mango. Amalume anayamba ndi chikho cha thobwa, ana akukanganirana zipalapasiro. Nthutumba, yomwe chaka chilichonse imapita kwa amalume, agogo anaiika m'mbale yanga. "Mlendo ndi iweyo tsopano," anatero. Mawuwo anandilasa, pakuti panali patatha zaka 3 ndisanapondeko.

Dzuwa litapendeka, tonse mimba zili ndendende, agogo anaitana mlongo wanga: "Tereka madzi, tiphike chakudya." Ankanena nsima ya nkhwani wotendera. Kwa iwo mpunga ndi wachisangalalo chabe, munthu sagona asanadye nsima.