Kwa mphwanga wa ku Chitawira, asanakatenge mphoto ya lotale



Mayi ako andiuza kuti manambala a tikiti yako ya lotale atuluka, ndipo ndalama zake n'zochuluka moti ejenti wa pa Chitawira wati sangakulipire pakauntala pake, ukatengere ku ofesi. Ndakondwa nawe. Ukudziwa kuti juga sindigwirizana nayo, koma lero nkhawa yanga ndi ina: ndalamazo zifike m'dzina lako, iwenso uli pamtendere.

Panopa ulibe ndalama, uli ndi kapepala. Kapepala kameneka n'kofanana ndi lisiti ya m'sitolo, zilembo zake si za inki, makina amachita kuotchera. Kakakhala padzuwa, m'thumba la thalauza lotuluka thukuta kapena pafupi ndi mbaula, manambala amafufutika. Usakamatitse pulasitiki, usakasite kuti kaongoke, kadzada bii, ndipo palibe amene adzamve zodandaula zako. Lemba dzina lako ndi nambala ya chiphaso chako kumbuyo kwake ndi bolopeni, ukajambule pafoni mbali zonse ziwiri, kenako ukaike mu envelopu pakati pa Baibulo. Chithunzicho chisapite pa WhatsApp ngakhale kwa bwenzi lako.

Za pakamwa ndiye ndikutsine khutu. Nyumba za Housing pa Chitawira n'zoyandikana, mawu a pakhonde amafika ku Naperi ndi ku Zingwangwa dzuwa lisanalowe. Mayi ako adziwa, ine ndadziwa, basi. Akampani akadzapempha kukujambula utanyamula chicheke chachikulu chija, uwafunse kaye ngati malamulo awo akukukakamiza kutero. Ngati sakukukakamiza, ukane mwaulemu.

Chimene chandigoneka mochedwa kwenikweni ndi akathyali. Nkhani ikangomveka, foni yako iyamba kulira. Adzalankhula bwino, Chingerezi chosalala, adzati akuimba kuchokera ku likulu la kampani, mwina ku MRA kumene, ndipo adzati utumize kangachepe pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti mafomu ako ayende msanga. Ena adzakupempha nambala yachinsinsi ya foni yako. Manyuzipepala alembapo kangapo kuti mauthenga ambiri otere amachokera ngakhale m'ndende, monga ya Zomba. Mvetsa ichi, mphwanga: wopambana salipira kuti alandire mphoto. Msonkho wa boma ulipodi, koma kampani imadula pa mphotoyo isanakupatse n'kukapereka ku MRA. Wina aliyense akatchula zoti uyambe watumiza, dula foni. Usakangane naye, usamufotokozere kumene uli.

Usachedwenso, chifukwa masiku okatengera mphoto amakhala owerengeka. Werenga timalemba ting'onoting'ono ta patikiti, adiresi ya ofesi uitenge pamenepo, osati kwa munthu wa pafoni. Nyamula chiphaso cha unzika cha ku NRB, ndipo uone lero lomwe ngati sichinathe ntchito. Upite m'mawa, pakati pa sabata, ndi munthu mmodzi wamkulu. Tikiti usaisiye m'manja mwa mlonda kapena kalaliki popanda kukupatsa pepala losainidwa ndi lodindidwa. Upemphenso kalata yosonyeza mphoto yonse, msonkho umene adula ndi zimene zatsala. Kubanki adzafuna kudziwa kumene ndalama zachokera, ndipo kalatayo ndiyo idzakuyankhira.

Ndalamazo zilowe mu akaunti ya dzina lako. Kukwera minibasi ya ku Limbe kapena kutsika pa Ginnery Corner ndi chikwama chotupa n'kudziputira ngozi. Akampani akayamba kukuzengereza, lero mawa lero mawa, pali kokadandaula: bungwe la MAGLA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2022 pophatikiza mabungwe akale oona za juga ndi lotale, ndilo limapereka ziphaso kwa makampani amenewa.

Ndalama zikalowa, mwezi woyamba usagule kanthu kakakulu. Ubweze kaye ngongole, makamaka ngati pali ya katapila, ulipire lendi, ulipirenso fizi ya mlongo wako ya chaka chonse. Zotsalazo zisagone nthawi yaitali osagwira ntchito. Unaona wekha mu November 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mtengo wa simenti ndi malata unasintha anthu ali m'tulo. Ngati ukugula puloti, usapereke tambala usanaone mapepala ake ku khonsolo kapena ku ofesi ya zamalo. Achibale adzabwera, ndipo ena mavuto awo ndi enieni. Patula gawo lothandizira, likatha lathanso, usachite manyazi kunena.

Chimene ndikuopa kuposa mbava ndi mtima wako womwe, umene uyambe kukunong'oneza kuti uli ndi dzanja lamwayi. Anyamata amene ankawina dzulo ndi omwewo akugulitsa mafoni lero chifukwa cha juga ya kandege. Ndikupempha, pa ndalama izi isabwerere ngakhale kwacha imodzi kumene zachokera.

Lachiwiri ndikwera basi yoyamba, ndidzakupeza kunyumba kuti tipitire limodzi. Upereke moni kwa mayi ako, uwauze kuti nawonso asunge pakamwa ku Mvano.

Ndine malume ako.