Ku Harare Chichewa chili m'malamulo, ku Malowera chili pakamwa

Abale anga a ku Malowera ndi Marávia yense, ndiyankhe pano funso limene mumandifunsa ndikaimba foni kumudzi, lakuti kodi n'zoona kuti kuno ku Zimbabwe boma limachidziwa Chichewa. N'zoona. Malamulo oyendetsera dziko a 2013, pa gawo 6, amatchula zilankhulo 16, ndipo Chichewa ndicho choyamba pamndandandawo, poti anatsata alifabeti. Wailesi ya boma ya National FM imaulutsanso m'Chichewa.

Koma musafulumire kuwomba m'manja. Achewa akuno ndi zidzukulu za anthu amene anabwera kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu kuchokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi kwathu ku Tete. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ambiri obadwira konkuno anasanduka alendo pa chitupa, osaloledwa kuvota, mpaka malamulo a 2013 anawatsegulira njira yobwerera. Pofika nthawi imeneyo manyazi anali atagwira kale ntchito yake. Mwana wa ku Mbare kapena Mufakose mukamupatsa moni m'Chichewa amayankha m'Chishona. Chichewa mumachimva pamaliro, m'nyimbo za ku CCAP ndi kudambwe. Fomu ya boma yolembedwa m'Chichewa ine sindinaionepo.

Kwathu zinthu n'zotembenuka. Ndife eni nthaka, anthu a Undi, ndipo palibe angatiuze kuti tinachita kubwera. Chichewa, chimene kwathu timachitchanso Chinyanja, chili kumunda, pamsika, pabwalo la mfumu, ngakhale pa Rádio Moçambique ya ku Tete. Chimathera pakhomo la ofesi. Ndime 10 ya malamulo oyendetsera dziko la Mozambique a 2004 imati chilankhulo cha boma ndi Chipwitikizi, pomwe ndime 9 imati boma limalemekeza zilankhulo zathu monga chuma cha chikhalidwe ndi maphunziro. Ulemuwo ndi wabwino, koma agogo akapita kuchipatala amafunabe mdzukulu woti awatanthauzire, n'kuulula matenda achinsinsi pamaso pa mwana. Chimenechi chimandipweteka kuposa zonse.

Ndipo tikumbukire a m'badwo wa nkhondo. Amene anathawira ku Ukwimi, komwe panthawiyo kunali m'boma la Petauke ku Zambia, anaphunzira m'Chingerezi ndi Chinyanja. Atabwerera pambuyo pa mtendere wa 1992, anapezeka osadziwa kuwerenga kalata ya boma lawo lomwe, pomwe sukulu anapitako.

Sikuti boma la Mozambique langokhala. Pakati pa 1993 ndi 1997 linayesa kuphunzitsa ana m'chilankhulo cha kwawo, Chichangana ku Gaza ndi Chinyanja konko ku Tete, ndipo kuyambira 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa m'sukulu zina za boma. Mwana amayamba kuwerenga m'chilankhulo cha mayi ake, Chipwitikizi n'kumalowa pang'onopang'ono. Chovuta ndi mabuku, komanso mphunzitsi amene wachita kutumizidwa kuchokera kutali, iye osamva ana, ana osamumva.

Ena mwa inu mumati tisasewere ndi zimenezi, onani ku Latvia, kumene mu 2012 anthu anavota kukana Chirasha kukhala chilankhulo chachiwiri cha boma poopa dziko loyandikana nalo. Mantha awowo ali ndi mbiri yake. Ife Lusaka kapena Lilongwe sanatiopsezepo kuti adzatenga Marávia chifukwa timalankhula zofanana. Mwezi wa Ogasiti timawoloka malire kupita ku Kulamba ku Mkaika, tikatha timabwerera kudzasosa m'minda yathu. Chipwitikizi tikuchifuna ndithu, popanda icho mwana sapeza ntchito ku Tete kapena ku Beira.

Inu amene muli mu khonsolo ya sukulu, kafunseni aphunzitsi aakulu ngati kalasi yoyamba ingayambe m'Chinyanja chaka chamawa, ndi chimene chikusowa kuti zitheke. Ngati ndi mabuku, tiuzeni mtengo wake, ife a kuno tisonkhe.