Dzina lilipobe, nanga ufulu uja unapita kuti?

Sabata yatha mnzanga wina amene akupikisana nawo pa chisankho cha bungwe la ophunzira anandikokera pambali. Akuti atipatsa ndalama zosindikizira kanyuzipepala kathu ka pasukulu, “bola musaiwale amene wakuthandizani.” Ndinangoseka, koma usiku tulo sitinabwere. Masiku omwewo n’kuti ndikuwerenga mbiri ya utolankhani ku China pokonzekera mayeso, ndipo nkhani ya nyuzipepala ya Ta Kung Pao inandikhala pamtima.

Nyuzipepalayi inayamba mu 1902 mumzinda wa Tianjin, ndipo anaiyambitsa ndi Ying Lianzhi. Dzina lake limanena za kusakondera. Itagwa, anthu atatu anaidzutsanso mu 1926: Wu Dingchang anaika ndalama, Hu Zhengzhi ankayendetsa bizinesi, pomwe Zhang Jiluan anali mkonzi wamkulu. Analonjeza owerenga zinthu zinayi: sadzakhala a chipani chilichonse, sadzagulitsa maganizo awo, sadzatumikira zofuna zawozawo, ndiponso sadzatsatira gulu mwachimbulimbuli.

Sanali mawu okongoletsera tsamba chabe. Wu atalandira unduna m’boma la Chiang Kai-shek mu 1935, anatula pansi udindo wake kunyuzipepalako. Nkhondo ya Japan itabuka, ankasamukasamuka mpaka kukafika ku Chongqing, osalola kusindikiza pansi pa adani. Mu 1941 sukulu ya utolankhani ya ku Missouri, ku America, inawapatsa mendulo yaulemu. Mu 1943 Wang Yunsheng analemba ndemanga yoyerekeza njala imene inkapha anthu ku Henan ndi moyo wamwanaalirenji wa akuluakulu ku Chongqing. Boma linapsa mtima n’kuitseka kwa masiku atatu.

Komabe tisaikweze kwambiri. Otsutsa ena ankati imadzudzula boma pa zazing’ono koma pa zazikulu n’kumalithandiza. Mwina analidi ndi mfundo. Chimene chandipweteka ine ndi zimene zinatsatira. Chakumapeto kwa 1948, zitaoneka kuti Chiang akugonja, nthambi ya ku Hong Kong inapita mbali ya chipani cha Chikomyunizimu. Ya ku Beijing inatsekedwa mu 1966. Ya ku Hong Kong ilipo mpaka lero, ndipo mu 2016 inaphatikizidwa ndi Wen Wei Po pansi pa kampani imodzi yoyang’aniridwa ndi ofesi yoimira boma la Beijing mumzindawo. Dzina lonena za kusakondera lidakali pamwamba pa tsamba loyamba, koma amene amaiwerenga amadziwiratu mbali imene ili.

Poyamba ndinkaganiza kuti nyuzipepala imafa tsiku limene apolisi aitseka. Tsopano ndikuona kuti masiku atatu aja a mu 1943 ndi pamene inali yamoyo kwambiri. Imfa yeniyeni inabwera mwakachetechete, makina akusindikizabe, antchito akulandirabe malipiro. Sindikuwaweruza msanga anthu ngati Wang. Anali ataona katangale ndi njala pansi pa boma lakale, ndipo mwina ankakhulupirira kuti akusankha chabwino. Komatu lonjezo loyamba lija silinkanena za chipani choipa chokha. Linkanena chipani chilichonse, ngakhale chimene ukuchikonda.

Apa ndi pamene nkhaniyi inandigwira. Mnzanga uja si munthu woipa, ndipo mwina ndidzamuvotera. N’chifukwa chake ndalama zake n’zoopsa. Kukana mdani n’kosavuta. Kovuta n’kukana munthu amene ukugwirizana naye.

Lachitatu ndinamuuza kuti ayi, zikomo. Anakhumudwa, ndipo anzanga ena a m’komiti akuti ndawaphera mwayi. Mwezi uno sitisindikiza papepala, tingotumiza pa WhatsApp. Sindikudzitama nazo, chifukwa kukana kamodzi si kanthu. A Ta Kung Pao anakana kwa zaka zoposa 20, kenako anadzavomera. Temu yamawa wina adzabweranso ndi envelopu yonenepa kuposa iyi, ndipo ndikudzifunsa ngati pakamwa panga padzatulukenso yankho lomweli.